Tiyi Wopanda Bokosi

Mnzanga,

Wandifunsa kawiri konse chifukwa chake Loweruka lija ndinawalanda mayi aja bokosi la tiyi m'manja, mpaka abwana kundiyang'ana ngati ndaba. Sindinasokonezeke ayi. Ndimangofuna awerenge kunsi kwa bokosilo asanatuluke nalo. Ndikati ndifotokoze pakamwa ndilira, ndiye ndakuikira makalata onse mu envelopu iyi, anga amene amayi anandibwezera pamodzi ndi awo. Udziwiretu izi. Kwathu timalemberana makalata chifukwa achimwene anga, amene tonse timawatcha a Mawotchi potengera ntchito yawo, anadwala matenda a maganizo zaka zinayi zapitazo, ndipo nthawi imeneyo ankaopa foni, ndiye tinazolowera mapepala. Makalatawo amayenda ndi adalaivala a basi ya m'mawa. Benchi imene achimwenewo amakonzerapo mawotchi ili pakhonde la a Makiyi. Kachangu ndine, dzinali anandipatsa ndi achimwene omwewo, ndipo uona wekha kuti sanalakwitse. Uwerenge, undibwezere osadontheza mafuta.

3 Febuluwale

Amayi,

Moni nonse kunyumbako. Bondo lija likukulolani kukwera masitepe? Nanga achimwene, akadakanganabe ndi a Makiyi za wailesi pakhonde paja? Mundiuze zonse, osandibisira.

Ine kuno zinthu zikuyenda moti simungakhulupirire. Ntchito ija ndaipeza! M'mawa ndimakhala ku koleji ndi mawaya anga amagetsi, masana ndimaima m'sitolo yogulitsa tiyi wa zitsamba. Amayi, kununkhira kwake. Mashelefu mpaka kudenga, ndimachita kukwera pa makwerero. Sabata imodzi yokha ndaloweza mitundu makumi atatu. Abwana akuti mutu wotere sanauonepo, ine sindinawatsutse.

Tsono mverani. Mabokosi akaphwanyika pakona potsitsa m'galimoto, makasitomala sawafuna, ndiye abwana amatigawira antchitofe. Ine ndasankha tiyi wapamwamba kuposa onse, wa maluwa achikasu. Anthu amachita kulimbirana. Akuti amakhazika mtima pansi, amachotsa nkhawa, munthu amadzuka ali wopepuka. Nditangomva choncho ndinaganiza za achimwene. Musaope, si mankhwala, ndi maluwa ndi masamba basi.

Mudabwa kuona chitini cha mkaka. Adalaivala anati phukusi likhale laling'ono lolowa pansi pa mpando, ndiye ndachotsa mabokosi onse, timatumba ta tiyi ndathithikiza m'chitinimo, talowa makumi asanu ndi limodzi. Nzeru zimenezo. Mabokosiwo sindinataye. Mkati mwake ndi moyera bwino, ndawadula timakadi, ndikujambulapo mawaya okonzekera mayeso. Mwana wanuyu sataya kanthu.

Ndine wanu,
Kachangu

17 Febuluwale

Mwana wanga,

Tilipo. Bondo ndi lomwe lija, likamva mvula limayamba kudandaula mitambo isanabwere. Iwe ukudya mokwanira? Zoimirira tsiku lonse ndi mimba yopanda kanthu ine sindikuzifuna.

Chitini chafika. Tiyi wakoyo sindinamusakanize ndi wathu wa masiku onse. Ndamuika pamwamba pa kabati, ndi wa achimwene ako okha. Ine nkhawa zanga zinandizolowera kale, sizifuna maluwa. M'mawa ndimawathirira m'fulasiki akamapita ku benchi, madzulo kapu ina. Akuti akuwawa pang'ono, koma poti watumiza ndiwe, akumwa.

Ali bwino kwambiri. Mwezi uno zakwana zaka ziwiri akusunga okha mapiritsi awo m'dirowa yawo, ine osagwirako. Anesi anawayamikira pamaso pa anthu onse pamzere. Sabata yatha aphunzitsi ena anabweretsa wotchi yapakhoma imene inaima ali anyamata, achimwene ako anakhala nayo masiku atatu, pano ikulira ola lililonse. A Makiyi akuti khonde lawo latchuka chifukwa cha benchi imeneyo, koma wailesi sakutsitsabe.

Uwerenge, usamangogulitsa.

Mayi ako

10 Malichi

Amayi ndi achimwene,

Moni, moni. Kukuchitika zotani kumeneko? Nachi chitini chachiwiri. Mwaona? Ndinanena ine. Wotchi ya aphunzitsi ija musaganize kuti yadzuka yokha, m'menemo muli tiyi wanga. Achimwene, ndikufuna gawo langa la ulemu umenewo.

Dzulo ndagulitsa mabokosi khumi ndi awiri a tiyi yemweyu ndekha. Mayi wina anabwera nkhope ili gwa, ine kumufotokozera za achimwene anga amene akumwa ndipo akukonza mawotchi akufa, anagula atatu. Mayeso oyamba ndakhoza, ndili wachiwiri m'kalasi, ndipo woyambayo ali ndi bambo wodziwa zamagetsi, ndiye tinene kuti woyamba weniweni ndine. Timakadi tija tafika makumi anayi, ndimayenda nato m'thumba, ndimawerenga ngakhale pamzere wa basi.

Achimwene, mwezi wonse osandilembera ngakhale mzere umodzi? Kapena mwalemera?

Kachangu

31 Malichi

Mwana wanga,

Tilipo. Tikuyamika kuti wakhoza.

Ngati kungatheke, ulendo uno utumize zitini ziwiri. Chija chatsala pang'ono, ndawonjezera makapu, tsopano akumwa anayi pa tsiku. Achimwene ako atanganidwa, ndi chifukwa chake sakulemba. Foni usavutike kuimba, ndaizimitsa, ili m'dirowa yanga. Ikuvuta batire.

Iwe ika mtima pa mayeso. Zakuno tisiyire ife.

Mayi ako

7 Epulo

Achimwene,

Moni bwana wamkulu. Muli bwanji? Amayi akuti mwatanganidwa, ndiye ndati ndikulembereni inu mwini, mwina mungachite manyazi n'kuyankha.

Makapu anayi pa tsiku! Inu amene munkati akuwawa? Ndaseka mpaka abwana kundifunsa. Zitini ziwiri ndi izi, ndachita kupempha anzanga awiri kuti andisiyire gawo lawo. Ndikuuzeni, ndikamaliza koleji titsegula shopu imodzi, inu mawotchi mbali iyi, ine magetsi mbali iyo, amayi pakati kuthira tiyi ndi kuthamangitsa ongobwera kudzacheza. Dzina la shopu ndapeza kale koma sindinena mpaka mutandiyankha.

Foni ya amayi mukanaiona inu. Munthu wokonza timawilo tosaoneka ndi maso angalephere batire?

Mchemwali wanu wanzeru,
Kachangu

21 Epulo

Kachangu,

Moni. Kalata iyi ndapereka ndekha kwa adalaivala, amayi sakudziwa. Usawauze mwaukali.

Sindinatanganidwe. Ndadwalanso. Zinayamba pakati pa Malichi. Mawotchi a pabenchi anayamba kunena mawu m'malo mongogunda. Ndikudziwa kuti wotchi silankhula, mbali ina ya mutu wanga ikudziwa bwinobwino, koma ndikuwamva. Wotchi ya kasitomala wina ndinaichotsa mivi kuti ikhale chete, n'kumubwezera choncho. A Makiyi anandigwira paphewa, anati ndipume kaye. Benchi aifunditsa nsalu. Kuli munthu wina wokonza mafoni amene akuifuna, a Makiyi amuuza kuti adikire mpaka pakati pa Meyi. Foni ya amayi ilibe vuto la batire. Anaibisa chifukwa ndinayambanso kuiopa.

Koma chimene ndikulembera si chimenecho. Kuchipatala ananditenga magazi. Dokotala akuti mankhwala m'magazi mwanga ndi ochepa kwambiri, ngati a munthu amene akudumphitsa masiku. Anandifunsa ngati ndikumwa. Ndinati inde. Anayang'ana amayi. Amayi anayang'ana pansi.

Kachangu, sindinadumphitse ngakhale limodzi. Seveni koloko m'mawa, seveni koloko madzulo. Ntchito yanga ndi nthawi, ndingaphonye bwanji? Timapepala tasiliva totsala ndikachotsa mapiritsi ndimatitunga pa waya, tonse tilipo mwa ndondomeko yake. Ndinawaonetsa amayi. Anati kapepala kopanda kanthu sikanena kumene piritsi linapita.

Anandilanda mapiritsi. Tsopano ali m'kabati yawo yokiya. Seveni ikakwana amabwera ndi kapu ya madzi, ndimeze iwo akuona, kenako nditsegule pakamwa, ndikweze lilime. Ndili ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri. Akatero amakhala nane theka la ola kuti ndisakasanze kubafa. Dokotala anawonjezera mlingo, koma sizikusintha kwenikweni, ndiye amayi akuganiza kuti ndapeza njira ina yowapusitsira.

Pa 9 Meyi tibwerera. Dokotala wanena kuti zikakhala chonchi andigoneka m'chipatala kuti anesi aziona okha. Ndikagonekedwa, benchi yapita. Koma benchi ndi matabwa chabe. Chikundipweteka n'chakuti m'nyumba muno mulibe amene akundikhulupirira. Iwe ukundikhulupirira?

Tiyi wako ndikumwa. Ndi chinthu chokhacho chimene amayi amandipatsa osandiyang'ana m'kamwa.

Achimwene ako

30 Epulo

Amayi,

Moni, koma lero za bondo ndifunsa kumapeto. Khalani pansi muwerenge kawiri.

Achimwene anandilembera. Musawakalipire. Kalatayo adalaivala anaiiwala m'kabokosi ka kutsogolo kwa basi masiku asanu ndi atatu, ndailandira dzulo. Ndayesa foni kakhumi, ndikudziwa tsopano chifukwa chake ili chete.

Ndinaiwerengera kuseri kwa sitolo, pa sitepe pamene timadyera masana. Pamenepo timakhala ndi mayi wina wa pa famase yoyandikana nafe, munthu wamkulu, wophunzira za mankhwala zaka zambiri. Anandipeza ndikulira, ndinawapatsa kalatayo. Anawerenga mpaka kumapeto, n'kuloza mzere womaliza, n'kufunsa kuti tiyi wake uti. Nditawauza kuti wa maluwa achikasu, anasiya kudya. Anati ndibweretse bokosi. Ine kuthamangira m'sitolo ndinaopa abwana, ndiye ndinangotulutsa timakadi tanga ta mayeso m'thumba. Anatitembenuza kamodzikamodzi mpaka anapeza kamene ankafuna. Amayi, kumbuyo kwa kakadi kamene ndinajambulapo mawaya a belu la pakhomo, pali timalemba ting'onoting'ono. Takuti munthu amene akumwa mankhwala a kuchipatala asamwe tiyi ameneyu asanafunse dokotala. Miyezi itatu ndakhala ndikuyenda ndi chenjezo limeneli m'thumba, ndikuwerenga mbali inayo.

Anandifotokozera chonchi. Duwa limeneli limafulumizitsa chiwindi, ndiye mankhwala ena, kuphatikizapo ena a matenda a maganizo, chiwindi chimawachotsa m'thupi asanagwire ntchito yake mokwanira. Kunena kwathu kwa zamagetsi, magetsi akutayikira panjira asanafike pa babu. Munthu akumeza piritsi lililonse, koma magazi akuoneka ngati sakumwa. Anati iwo sanawaone achimwene, ndiye sangalumbire kuti ndi tiyi yekha, koma masiku akugwirizana, ndipo dokotala ayenera kudziwa msanga.

Anatsindika chinthu chimodzi, ndipo ndachilemba momwe ananenera. Musasinthe kanthu panokha, mapiritsi kapena tiyi. Poti dokotala anawonjezera mlingo, mphamvu ya tiyi ikadzatha m'thupi mlingo umenewo ukhoza kuwakulira. Tengani chitini ndi kakadi kamene ndaika m'kalata muno, mupite nazo kuchipatala mawa lomwe, osadikira pa 9. Dokotala ndiye anene chochita.

Achimwene sakunama, amayi. Ndikutsimikiza. Ndikanabwera ndekha koma mayeso a manja akuyamba Lolemba.

Bondo lili bwanji?

Kachangu

3 Meyi

Mwana wanga,

Kalata yako ndawerenga katatu, osati kawiri.

Mwezi wa Febuluwale unandilembera kuti si mankhwala, ndi maluwa basi. Lero ukuti maluwa omwewo akudya mankhwala. Mawa udzanena chiyani? Iwe ndi achimwene ako mumakonda kuikirana kumbuyo kuyambira muli ana, wina akaswa kapu mnzake amati ndi mphepo.

Sindinapite kuchipatala. Ndikuuze chifukwa chake, poti wakula. Nthawi imene achimwene ako anadwala koyamba iwe unali wamng'ono. Amalume ako anawatenga n'kukawamwetsa mizu miyezi iwiri, tinafika kuchipatala mochedwa, atamangidwa manja. Dokotala wa nthawi imeneyo anandilankhula mawu amene sindidzaiwala, pamaso pa anthu. Ndinalumbira kuti zitsamba sizidzalowanso m'kamwa mwa mwana wanga. Ulendo uliwonse anesi amandifunsa ngati akumwa zitsamba zilizonse, ine ndimayankha kuti ayi, mutu uli m'mwamba. Mwezi wathawu anandifunsanso kawiri. Ndinati ayi. Wakoyu ndinamuona ngati tiyi wa m'sitolo, wa m'timatumba taukhondo, wotumiza mwana wophunzira. Tsopano ukufuna ndikaime pamaso pawo ndi chitini cha mkaka, ndinene kuti ndakhala ndikuwanamiza?

Ndipo ngati ukunena zoona, ndiye kuti ine ndi manja angawa ndimathira makapu anayi pa tsiku. Ine sindinalawepo ngakhale kamodzi, ndimati ndisawachepetsere. Akadwala kwambiri ine ndimawonjezera. Kenako ndimawatsegulitsa pakamwa ngati mwana wakuba shuga. Ukuona chimene ukundiuza kuti ndivomere?

Kakadi kako ndakaika m'Baibulo. Ndisiye ndiganize.

Mayi ako

5 Meyi

Achimwene,

Moni. Funso lanu lija yankho lake ndi inde. Ndikukukhulupirirani, ndipo ndili ndi umboni.

M'phukusi muno mupeza bokosi loipa kuposa mabokosi onse amene munaonapo. Ndi timakadi tanga ta mayeso, ndatilumikizanso ndi tepu mpaka bokosi la tiyi labwerera momwe linalili. Dzina la tiyi lilipo, zimene anaikamo zalembedwa m'mbali. Pangotsala kabowo kunsi, kachidutswa kake kali m'Baibulo la amayi. Mawa ndili ndi mayeso a mawaya a belu, ndilowa popanda timakadi, koma musadandaule, zonse zili m'mutu muno.

Tiyi ameneyu akhoza kukhala amene akuchotsa mankhwala anu m'magazi. Mayi wa pa famase walembanso kapepala kake kwa dokotala, kali m'bokosimo. Pa 9 mulowe nalo m'thumba la jekete. Dokotala asanalembe chilichonse, muliike patebulo. Mukatero nkhani yatha, sakugonekani, ndikudziwa ine.

Amayi akuopa manyazi. Muwawerengere mzere uwu mokweza: wolakwa ndi Kachangu. Ndine ndinasankha tiyi, ndine ndinachotsa mabokosi kuti ndioneke wanzeru, ndine ndinalemba kuti si mankhwala ndisanawerenge. Iwo anangopatsa mwana wawo chinthu chabwino kuposa zonse chimene chinali m'nyumba. Dokotala akafuna wokalipira, mumupatse adiresi yanga, ndili ndi makutu awiri.

Mayi uja ndinamugulitsa mabokosi atatu ndikutchula dzina lanu ndamufunafuna, ndamupeza, amagwira ntchito kosoka makatani. Mwamwayi samwa mankhwala alionse. Anandiseka, koma ndinagona bwino.

Kachangu

10 Meyi

Mwana wanga,

Tilipo. Mayeso anayenda bwanji? Ndikulembera ndisanayambe ntchito ina iliyonse, chifukwa ndikudziwa kuti sukudya.

Tinapita dzulo. Achimwene ako anavala jekete, thumba lili tumbi, ine ndinaona koma sindinafunse. Mzere wako uja anandiwerengera Lachiwiri, ine ndikutsuka mbale, sindinatembenuke. Pamzere wa kuchipatala tinakhala maola awiri. Iwo ankangogwira dzanja lawo lamanzere pamene pamakhala wotchi, poti masiku ano saivala.

Titalowa, dokotala anafunsa mafunso ake, achimwene ako anayankha zoona, kuti mawu akuwamvabe. Dokotala anapumira m'mwamba, n'kukoka pepala logonekera anthu, n'kuyamba kulemba dzina. Ine ndinadikira kuti bokosi lituluke m'thumba. Silinatuluke. Dzanja lawo linali pathumbapo, koma maso ali pa ine. Dokotala analemba tsiku. Analemba nambala ya chipinda. Pamenepo ndinazindikira kuti mwana ameneyu alola kugonekedwa, alola benchi ipite, koma sandichititsa manyazi pamaso pa munthu. Mwana amene ndakhala ndikumutcha wabodza.

Chitini chinali m'chikwama changa. Ndinachitenga m'mawa ndikudziuza kuti ndikungochinyamula. Ndinachiika patebulo, chinalira kwambiri kuposa momwe ndimafunira. Ndinati, "Adokotala, musanamalize kulemba. Ndakhala ndikumupatsa ichi kuyambira Febuluwale, tsopano makapu anayi pa tsiku. Anesi atandifunsa ndinati ayi. Mwanayu sananame."

Apo ndi pamene achimwene ako anatulutsa bokosi lako la tepu. Ine ndinatulutsa kakadi ka m'Baibulo, dokotala anakalowetsa pa bowo paja, kanakwana. Anawerenga m'mbali, anawerenga kunsi, anawerenga kapepala ka mayi wa pa famase. Kenako anasuzumira mkati mwa bokosi n'kufunsa kuti mizere yonseyi ndi chiyani. Achimwene ako anati ndi mawaya a belu, mchemwali wawo ndi katswiri wa magetsi. Koyamba m'miyezi iwiri ndinawaona akumwetulira.

Sanandikalipire. Anati anthu ambiri saona tiyi ngati chinthu choti n'kutchula, ndipo iwonso akanafunsa bwino. Pepala lija analipinda n'kuliika m'dirowa, anati silinathe ntchito, lingodikira. Tiyi tisiye, chitini chatsala komweko. Tizipita sabata iliyonse kuti aziona mlingo wa mankhwala, ndipo pakatha masabata atatu atenganso magazi. Anati magaziwo ndiwo adzanene.

Pobwerera ndinadzera kwa a Makiyi ndekha. Ndinawafotokozera zonse, ndi za ine zomwe. Anati nsalu ikhalabe pa benchi mpaka magazi abwere, wa mafoni akafune khonde lina.

Mapiritsi akadali m'kabati yanga. Usandifulumize.

Mayi ako

16 Juni

Kachangu,

Moni katswiri. Amayi akuti wakhoza mayeso a belu popanda timakadi. Sindikudabwa. Munthu amene amalira tsiku lonse ngati iwe ayenera kudziwa za mabelu.

Magazi anabwera pa 2. Mankhwala akwera kufika pamene ayenera kukhala. Sabata yachiwiri titasiya tiyi ndinkagona ngati thumba la simenti, dokotala anayamba kutsitsa mlingo pang'onopang'ono, pano ndabwerera pa wakale uja. Pepala logonekera analing'amba ine ndikuona. Mawotchi akhala chete. Ndikutanthauza kuti akugunda basi, momwe wotchi iyenera kuchitira.

Lolemba lapitali a Makiyi anachotsa nsalu pa benchi. Ntchito yoyamba ndinaitanitsa kasitomala uja, ndinamubwezeretsera mivi yake, ndinapepesa. Anati wotchi yopanda mivi inamuthandiza, kuntchito akachedwa amangoionetsa. Wailesi ya a Makiyi ikadali pamwamba. Sindinadandaule, mwina mwezi wamawa.

Wandipepesa m'makalata atatu otsatizana. Zakwana. Unanditumizira chimene unkaganiza kuti chindithandiza, ndipo utadziwa unapereka timakadi tako ta mayeso kuti undipulumutse. Lamulo langa ndi limodzi: chilichonse chimene utumize kuno, ngakhale sopo, chibwere ndi bokosi lake. Adalaivala akadandaula za malo, uwauze alankhule ndi ine.

Tsopano za amayi. Sananene kuti pepani, ndipo sindikufuna anene. Lachitatu nditabwera kuchokera ku benchi ndinatsegula dirowa yanga kufuna sikuludiraiva, ndinapeza mapiritsi anga onse ali pamalo pake pakale. Pambali pake anaikapo waya wanga uja wa timapepala tasiliva, ndipo timapepala ta masabata onse amene mapiritsi anali m'kabati yawo anatitunganso pomwepo, mwa ndondomeko, palibe kosowa.

Seveni koloko itakwana ndinamva mapazi awo m'khonde, bondo lija likukoka. Anaima pakhomo la chipinda changa, kapu ya madzi ili m'manja, mwa chizolowezi. Ine piritsi linali kale m'dzanja. Tinayang'anana. Ndinatsala pang'ono kutsegula pakamwa ndekha kuti ndiwapeputsire.

Anakweza kapu ija, n'kumwa madziwo okha mpaka kutha. Kenako anati kunja kukuoneka ngati kugwa mvula, n'kubwerera kukhitchini.

Dzina la shopu lija unene tsopano. Ndayankha.

Achimwene ako,
a Mawotchi